Makhothi a mafumu aja ife a ku Mangochi tinawaona

Achimwene, mwafunsa ngati sizingakhale bwino kubwezeretsa makhothi a mafumu a nthawi ya Kamuzu, poti masiku ano wakuba mbuzi amagwidwa m'mawa, madzulo n'kumuona pamsika watuluka pa belo. Kuwawidwa mtima kwanuko ndikukumva, inenso anandiberapo ukonde pagombe. Koma ndiloleni ndikuuzeni zomwe tinaona ife amene tinakulira kuno.

Nkhani imayambira 1964, pamene nduna zinasemphana ndi Kamuzu. A Henry Masauko Chipembere, mmodzi mwa ndunazo, mwana wa ku Malindi, analowa m'tchire. Mu February 1965 anatuluka ndi anthu awo, n'kulanda boma la Fort Johnston (lomwe lero ndi Mangochi) usiku, kenako n'kulunjika ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza feri ili tsidya lina la Shire, ndipo nkhondo inathera pamenepo. A Chipembere anathawira kunja, mpaka anamwalira ku America mu 1975. A Medson Silombela, omwe anatsala akumenyabe, ananyongedwa kundende ya Zomba mu 1966 anthu ataitanidwa kudzaonerera.

Ululu weniweni unagwera otsala m'midzi. Asilikali ndi apayoniya ankasaka "zigawenga", ndipo chigawenga chinali aliyense amene walozedwa chala. Funsani akuluakulu za mudzi wa Moto, akuuzani mmene anthu anatengedwera gulu lonse, amayi ndi ana omwe. Dzaleka yomwe lero mukuidziwa ngati malo a othawa kwawo ija inali ndende ya andale, ndipo anthu a kuno ambiri anagonamo.

Amalume anga ndale sankazidziwa, ntchito yawo inali usodzi ndi kamunda ka mpunga kudambo. Anakangana malire ndi bambo wina yemwe anali ndi mpando m'chipani. Mlandu unapita kubwalo, amfumu anauona kuti amalume akulondola, koma tsiku loweruza bambo uja anangoti, "Ameneyu ankaperekera ufa kwa a m'tchire." Bwalo lonse linangoti zii. Amfumu anaweramitsa mutu, osaponyanso liwu. Ine ndinali mwana, koma ndimakumbukira agogo akumanga ufa ndi usipa m'kansalu, akuthamangira galimoto yomwe inali itanyamuka kale. Amfumuwo sanali oipa mtima. Ankadziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo akanaweruza mwachilungamo, mawa lake akanakwera galimoto yomweyo.

Tsono makhothi omwe mukuwafunawo ndi mantha omwewa atavekedwa lamulo. Mu 1969, anthu ali ndi mantha ndi kuphana kwa ku Chilobwe ku Blantyre, boma silinakondwe ndi mmene High Court inkamasulira oganiziridwa popanda umboni wokwanira. Linasintha lamulo, makhothi a mafumu n'kupatsidwa mphamvu zoweruza milandu ya kupha, kenako ngakhale ya kuukira boma. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Oweruza ankasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo iye yemweyo ankatha kuwachotsa. Apilo sinkapita ku High Court, inkathera kukhothi lina la mafumu lomwe. A Albert Muwalo, omwe anali mkulu m'chipani cha Kamuzu cha MCP, anaweruzidwa mmenemo n'kunyongedwa mu 1977. A Orton Chirwa, loya amene anayambitsa nawo chipani chomwecho, ndi akazi awo a Vera, analamulidwa kuphedwa mu 1983. Chilango chinasinthidwa, komabe a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati anthu a maina otere analibe pogwira, nanga msodzi wa ku Makanjira?

Milandu inkathadi msanga, sindikana. Inkatha msanga chifukwa chigamulo chinkadziwika mlandu usanayambe. N'chifukwa chake makhothi amenewa anaimitsidwa mu 1993, anthu atavotera zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June.

Mafumu ine sindikuwanyoza. Milandu ya malire, ya banja, ya ng'ombe yadya mmera, amaitha bwino kuposa wina aliyense, chifukwa amadziwa mtengo uliwonse wa m'malire. Chomwe ndimaopa n'choti woweruza aziyang'ana kaye nkhope ya wachipani asanatsegule pakamwa, kaya chipanicho n'chiti. Ngati mafayilo akusowa kapena milandu ikuchedwa, tiyeni tilimbane ndi zimenezo, tipemphe mamajisitireti okwanira ndi apolisi ofufuza bwino.

Amalume anabwerako patapita zaka, ali ndi chifuwa chomwe sichinawasiye. Munda uja anaupeza ukulimidwa ndi ana a bambo aja, ndipo kubwalo sanapitenso.