Ndalama za SIG ndi Mwana wa pa Wilitcheya

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo ali Sitandade 3, amayendera wilitcheya, ndipo akufunsa ngati kholo lili ndi mawu pa momwe sukulu ikonzera zothandiza ana aulumali. Mayi, mwanditosa pachilonda.

Wanga wachiwiri samva bwino. Chaka chomwe anayamba sukulu ndinapita kumsonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa mango, ndikuganiza kuti tikakambirana. Ndinapeza zonse zaphikidwa kale. A hedi anangowerenga pepala: penti, choko, mipira iwiri, simenti ya rampu, njira yokwererapo wilitcheya. Ine ndinkafuna zinthu zosalira ndalama n'komwe, mwana akhale kutsogolo, aphunzitsi asamalankhule atayang'ana kubolodi chifukwa iye amawerenga milomo. Nditakweza mkono, tcheyamani wa komiti anati, "Mayi, zimenezo n'za akatswiri." Katswiriyo, wophunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi yophunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, anali mmodzi m'sukulu zonse za zoni yathu, woyendera njinga yakapalasa. Pamsonkhanopo sanamuitane.

Rampu ija inamangidwadi. Yotsetsereka moti ngakhale mbuzi inkaizungulira, ndipo chitseko cha chimbudzi chinatsala chopapatiza chomwecho. Akanangofunsa mwana mmodzi woyendera wilitcheya! Koma ndani amafunsa ana?

Poyamba ndinkati ndi umbuli chabe. Lero ndimakana, ndi ulesi. Maphunziro aulere a pulayimale tinayamba mu 1994, lamulo la anthu aulumali linabwera mu 2012, ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse mu 2017. Mapepala alipo. Chovuta n'choti kufunsa kholo kumachedwetsa msonkhano, anthu akufuna akathamangire kudimba. Ndipo musandiyambitse za makolo anzathu amene amati mwana wotere "akuchedwetsa kalasi", kalasi yake ya ana oposa 100, ena atakhala pansi.

Nanga mutani?

Musadikire msonkhano waukulu, kumeneko amangolengeza. Ndalama za SIG, zomwe boma limapereka kuti zitukule sukulu, zimatsata pulani ya chitukuko cha sukulu yotchedwa SIP, ndiye funsani a hedi tsiku loilemba, mukakhalepo. Kopani amayi a Mother Group, amamveka kuposa kholo limodzi. Pempho lanu mulembe, kope musunge. Akakuzembani, pitani kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yanu, ku TDC, likulu la aphunzitsi m'zoniyo, kapena mufunse a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Ndipo tengani tepi mukayeze chitseko cha chimbudzicho musanapite.