Kukonza pulogalamu pa makina akutali

Funso: Akonzi, ndimayang'anira makina olipirira m'masitolo angapo kuno ku Johannesburg. Kodi ndingakonze bwanji cholakwika m'pulogalamu yomangidwa kale popanda kutumiza fayilo yonse? Wowerenga, Rosettenville.

Yankho: Achimwene, gwiritsani ntchito pulogalamu yotchedwa bsdiff, yomwe Colin Percival analemba mu 2003. Imayerekeza fayilo yakale ndi yatsopano n'kutulutsa kachigamba kakang'ono (kafayilo kosunga kusiyana kwa mafayilo awiriwo), kamene pulogalamu inzake yotchedwa bspatch imakamata pa fayilo yakale ya pa makinawo. Kachigambako kamagwira pa fayilo yeniyeni imene kanachokera, choncho tsimikizani SHA-256 (nambala yozindikiritsa fayilo, imene imasintha fayiloyo ikangosintha pang'ono) musanamate ndiponso mutamata. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi, chifukwa akazima ntchito ili mkati, makinawo akhoza kukana kuyakanso, ndipo mudzakwera takisi kukawakonza pamanja wasitolo akudikira ndi mzere wa makasitomala. Fayilo yatsopano muilembe pambali, ndipo yakaleyo musaifufute mpaka makinawo atayaka bwino.