Mwana wa chimfine musamufukize, chonde

Mayi wina wanditumizira imelo dzulo usiku, akuti mwana wawo wa zaka 3 wadwala chimfine masiku 4, ena akuwauza amufukize, ena akuti agule amoxicillin, ndiye atsate ziti? Amayi, nditawerenga ndinayamba ndaika kaye foni pansi, mtima unandipweteka.

Mu 2021, nthawi ya Covid ija aliyense akutumiza malangizo pa WhatsApp, ine ndinkafukiza banja lonse m'mawa ndi madzulo, ndimaona ngati ndikuwateteza. Tsiku lina mwana wanga wamkazi, anali ndi zaka 4, ndinamufunditsa bulangete mphika wa madzi owira uli pakati pa miyendo yake, iye atabanika ndi kutentha anangoti atukule mwendo, madzi onse khuthu pantchafu. Kulira kwake kuja mpaka pano ndimakumvabe. Khungu linasupuka, tinatha masabata tikumangitsa bala, pamene chimfine chomwe ndimalimbana nachocho chinatha chokha bala lisanayambe n'kuuma komwe. Chipsera chilipo, akamavala yunifomu ndimachiona.

Ndiye ine ndikunenetsa, mwana safukizidwa. Nthunzi siipha vairasi, kachilomboko kamakhala mkati mwa maselo a m'mphuno ndi kukhosi, komwe nthunzi singakapserezeko kanthu. Munthu amangomva ngati mphuno zatseguka kwa kanthawi basi.

Za amoxicillin nazo zimandiwawa. Mankhwalawa ndi a mabakiteriya, pomwe chimfine chimabwera ndi mavairasi, alipo mitundu yoposa 200. Anthu akangoona mamina asanduka obiriwira amathamangira makapisozi, koma mtunduwo umabwera chifukwa cha maselo oteteza thupi omwe akumenya nkhondo, si umboni woti pakufunika antibayotiki. Mwana mungomutsegulitsa m'mimba, ndipo tikamamwa mwachisawawa mabakiteriya amazolowera, tsiku la chibayo chenicheni mankhwala osagwiranso.

Nanga mupange chiyani?

Chimfine chimatha pa masiku 7 mpaka 10, kutsokomola kumatsalirako. Azimwa madzi pafupipafupi, azipuma. Kasupuni kakang'ono ka uchi asanagone kamachepetsa kutsokomola kwa usiku, wanuyo atha kumwa, koma khanda losakwana chaka ayi, uchi ungalipatse matenda oopsa a botulism. Madontho a madzi a mchere m'mphuno amafewetsa mamina. Thupi likatentha mpatseni paracetamol molingana ndi kulemera kwake, aspirin ayi kwa ana.

Koma usiku uno akagona muvundukule malaya, muwerenge mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wakewo akafika 40 kapena kuposa, kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, kapena akukana kumwa, wafooka, wakomoka, nyamukani kuchipatala osadikira kuche. Chifuwa chikapitirira masabata 2 akamuyezenso TB.