Thonje ndi nsomba m'chigwa cha Supe

Mwafunsa ngati alimi akalekale amene anakhazikika m'mphepete mwa nyanja zamchere anasiya kulima n'kuyamba usodzi. Umboni womveka bwino uli kugombe la dziko la Peru, kumene mvula siigwa kawirikawiri ndipo chipululu chimafika mpaka m'madzi, komabe anthu anamangako mizinda zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

M'chigwa cha mtsinje wa Supe munali mzinda wa Caral, pamtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera kunyanja, ndipo pamathiriro a mtsinjewo panali mudzi wa asodzi wa Áspero. Ruth Shady, katswiri wofukula zakale amene anayamba kufufuza ku Caral mu 1994, anapezako minga yambirimbiri ya nsomba zing'onozing'ono ndi zigoba za nkhono zam'nyanja. Nsombazi, zotchedwa anchoveta, zimaswana kwambiri m'madzi ozizira a kugombeko, ndipo akaziumitsa zinkanyamulika kupita kumtunda ngati mmene usipa wouma umafikira m'misika yakutali ndi nyanja.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi mbewu imene alimiwo anaikirapo mtima. Ankapatutsa madzi a mtsinje wochokera kumapiri a Andes kudzera m'ngalande, n'kumalima maungu, nyemba, mbatata ndi magwafa, koma mbewu yamtengo wapatali inali thonje. Msodzi sangagwire tinsomba tochepa chonchi ndi mbedza. Amafunika ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndipo ulusi wake unkachokera m'munda. Ngakhale zoyandamitsa ukondewo zinali zolimidwa: ku Huaca Prieta, kumpoto kwa gombe lomwelo, kumene katswiri wina wofukula zakale, Junius Bird, anayamba kufukula mu 1946, kunapezeka maukonde a thonje omangiriridwa mphonda zouma. Choncho mlimi ankadya nsomba asanaponyepo ukonde, pamene msodzi ankadalira munda umene sanaulime.

Mu 1975 katswiri wofukula zakale Michael Moseley ananena kuti chitukuko cha kumeneko chinayambira pa chakudya cham'nyanja. Ine ndikuona kuti mfundoyi imachepetsa mbali ya mlimi, chifukwa popanda ngalande ndi thonje nsombazo zikanangokhala m'madzi.

Kudaliranaku kunali ndi choopsa chake. M'zaka za El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumabwera pakapita zaka zingapo, nyanja imafunda, nsomba n'kuthawa, pamene madzi osefukira amagumula ngalande nyengo yomweyo. Akatswiri ena amati zivomezi, kusefukira kwa madzi ndiponso mchenga umene mphepo inakwirira nawo minda ndi zimene zinafooketsa midzi ya m'chigwachi zaka pafupifupi 3,600 zapitazo.