Mwana wanu ali ndi ufulu wolembetsa m'kaundula wa a Māori

Mayi, mwalemba kuti mumakhala ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand, kuti mwana wanu wamwamuna, yemwe bambo ake ndi a mtundu wa Māori (eni nthaka a dzikolo), akwanitsa zaka 18 posachedwa, ndipo mukufunsa ngati angaloledwe kulembetsa m'kaundula wa ovota wa a Māori pamene inuyo ndinu Mmalawi.

Aloledwa ndithu. Lamulo la zisankho la New Zealand la 1993 limawerengera aliyense wochokera kumtundu wa Māori ngati mmodzi wa iwo, posayang'ana kuti ndi kholo liti lomwe lili la mtunduwo. Chofunika ndi chakuti akhale nzika kapena wololedwa kukhazikika m'dzikolo, komanso kuti anakhalamo miyezi 12 mosadukiza. Akhoza kudzaza fomu ku Electoral Commission, bungwe loyendetsa zisankho, ngakhale ali ndi zaka 17, ndipo pafomupo ndi pomwe adzasankhe yekha pakati pa kaundula wa a Māori ndi kaundula wa onse. Kuyambira pa 31 Malichi 2023, munthu angasinthe kaundula nthawi iliyonse, kupatula m'miyezi itatu yomaliza chisankho chisanachitike.

Mumufotokozere bwino kuti aliyense amaponya mavoti awiri. Voti ya chipani ndi yofanana m'makaundula onse; chomwe chimasintha ndi phungu wa dera amene angamuvotere.

Mfundo yomwe ndikufuna aimvetse kwambiri ndi iyi: chisankho chakecho chimakhudzanso anthu a mtundu wake wonse. Mipando ya a Māori ya ku Nyumba ya Malamulo inakhazikitsidwa mu 1867 ili inayi, ndipo inakhala inayi yomweyo kwa zaka zoposa 120 ngakhale anthu ankachulukirachulukira. Lamulo la 1993 ndi lomwe linamangiriza chiwerengero cha mipandoyi ku chiwerengero cha olembetsa m'kaundulayu, motero inakwera kufika pa isanu mu 1996, isanu ndi umodzi mu 1999, ndi isanu ndi iwiri mu 2002.

Adziwenso kuti mipandoyi ilibe chitetezo cholimba. Ndime za lamuloli zokhudza madera a kaundula wa onse sizingasinthidwe popanda aphungu 75 pa 100 aliwonse kapena riferendamu, koma ndime ya mipando ya a Māori ikhoza kuchotsedwa ndi aphungu ongopitirira theka. Kwa ine, kusiyanitsa kumeneku si chilungamo pa anthu amene mafumu awo anasaina Pangano la Waitangi ndi ufumu wa Britain mu 1840.

Mukhoza kumulangiza pamodzi ndi achibale a kwa bambo ake, koma posaina fomuyo asaine iye mwini.