Za pronghorn ku Wyoming: onani mapu musanalembetse

Achimwene, mwafunsa zambiri pakamodzi pagulu pano: koti mukasake pronghorn (nyama yakutchire yonga gwape) kuchokera ku Indiana, mfuti yake, kogona ndi ndalama. Ine ndigwira za Wyoming basi, poti ndapondako kawiri, komanso nyamazi zimapezeka kumeneko zochuluka kuposa chigawo china chilichonse mu America muno.

Amene akuuzani pagulu pano kuti mungosankha dera losavuta kupata chiphaso sakukufunirani zoipa, koma ndikukayika ngati anatsikapo m'galimoto kumeneko. Ine ulendo woyamba ndinatsata nzeru yomweyo. Ziphaso zimatuluka pa mayere kudzera ku Wyoming Game and Fish Department, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndiye ndinasankha dera lina cha ku tauni ya Gillette chifukwa pafupifupi aliyense wolembetsa ankapata. Chomwe chinkapangitsa ndinakachidziwira komweko, nditatha masiku awiri pamsewu. Nyama zinali mbwee, zikudya m'mbali mwa msewu zikundiyang'ana, koma zonse kuseri kwa waya wa mafamu a eni ake. Malo a boma anali tizigamba chabe, tina topanda polowera, ndipo pomwe panali polowera ndinkapeza mapikapu angapo ataima kale kusanache. Ndinagogoda makomo atatu. Awiri anati malo anabwereketsa kwa anthu operekeza alenje, wachitatu anatchula ndalama yongolowera pageti yoposa ya chiphaso chenichenicho. Ndinabwerako chimanjamanja, makulabokosi akungogubuduka kumbuyo, ndipo mayi akunyumba mpaka lero amandifunsa kuti ndiwo zija zifika liti.

Choncho musanalipire kalikonse, ikani pafoni pulogalamu ya mapu a alenje yotchedwa onX Hunt, mutsegule dera lomwe mukulifunalo, muone kukula kwa malo a boma a BLM (Bureau of Land Management) komanso ngati msewu wa aliyense ukufikapo. Malo a boma ozunguliridwa ndi mafamu mungowawerengera ngati kulibe. Onaninso ma Walk-In Area, omwe ndi mafamu amene eni ake anagwirizana ndi boma kuti alenje azilowamo wapansi. Mapuwo muwasungiretu mufoni chifukwa netiweki imathera panjira. Ndipo dziwani kuti kumeneko kuzindikira malire ndi udindo wanu, kaya pali chikwangwani kaya palibe. Zoti "sindinadziwe" sizikupulumutsani ku chindapusa.

Madera abwino amafuna mapointi, omwe amakuwonjezerani mwayi pa mayere aja. Pointi imagulidwa imodzi pachaka, pakati pa Julayi ndi Okutobala, cha m'ma $30. Kulembetsa kumatseka kumapeto kwa Meyi, zotsatira n'kutuluka mu Juni. Chiphaso cha yamphongo kwa munthu wosakhala ku Wyoming chimapitirira $300, pomwe chomwe amati special, cholipira zambiri kuti mwayi pa mayere ukule, chimadutsa $1,000, chimene ine sindingalipire pa nyama ya makilogalamu cha m'ma 50. Cha yaikazi n'chotchipa kwambiri, sichifika ndi $50 yomwe, kungoti chisanu choopsa cha 2022 mpaka 2023 chinapha nyama zambiri ndipo ziphaso zinadulidwa, makamaka za zazikazi. Ziwerengero zakale za ziphaso zomwe anthu akuponya muno musazikhulupirire msanga. Mukalembetsa ngati gulu mapointi anu amaphatikizidwa n'kugawidwa mofanana, ndiye mnzanu wopanda pointi amakukokerani pansi.

Ulendo wachiwiri ndinadikira zaka zingapo, ndinapata dera la pakati pa matauni a Casper ndi Rawlins komwe malo a boma ndi otambalala, ndipo tsiku lachiwiri nyama inali pansi. Mkangano wa mfuti womwe wadzaza muno ndi wongotaya nthawi: mfuti za .243, .270 kapena 6.5 Creedmoor zonse zimagwira ntchito. Chovuta ndi mphepo, yomwe siipuma, ndiponso maso a nyamayo. Imakuonani muli kutalitali, ndipo ikadzambatuka liwiro lake limayandikira makilomita 90 pa ola. Muzikwawa chamimba, pansi pali kakitasi waminga yekhayekha, choncho gulani magolovesi achikopa ndi zotchingira mawondo. Minga ina ndinkaizula ndili kale kunyumba. Mvula ikagwa musalowe m'misewu yafumbi, dothi lake ndi lamakande, limamata matayala ngakhale a galimoto yamphamvu.

Amene amati nyama ya pronghorn imanunkha ndi omwe amaizunguza pa pikapu tsiku lonse ili ndi chikopa. Kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala masana kumatha kutentha ndithu. Ikangogwa, sainirani chiphaso, isendeni pomwepo, muidule nthuli n'kuiika pa ayezi. Ubweya wake umathothoka ukangokhudzidwa, musaulole kumatirira pamnofu. Mukatero ndi ndiwo yofewa bwino, ndi nsima imatsika.

China chomwe palibe wachitchula: ngati muli kuno pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, malamulo a dziko lino amakuletsani kukhala ndi mfuti, pokhapokha mutakhala ndi chiphaso chosakira chomwe chikugwira ntchito. Nkhani imeneyi ifunseni kwa loya, osati pagulu pano. Komanso aliyense wobadwa kuyambira 1966 amafunika satifiketi ya maphunziro a ulenje, ndipo ya ku Indiana amailandira. Chipewa kapena chovala cha olenji chowala musaiwale, ndi lamulo posaka ndi mfuti.

Zogona ena akuthandizani, ine ndinkagona m'galimoto. Koma ayezi gulirani m'tauni yomaliza musanalowe kutchire, mudzaze kulabokosi imodzi yonse, ndipo mafuta muzithira tanki ikangofika theka.