Ndiwaphunzitse bwanji achinyamata mbiri ya miliri ya yellow fever?

FUNSO: Loweruka lililonse ndimaphunzitsa achinyamata a kumpingo kwathu kuno ku Johannesburg. Mtsikana wina anabwera ndi khadi lachikasu la katemera limene bambo ake amanyamula popita ku Congo, nandifunsa chifukwa chake limafunika pamalire. Ndiyambire pati kuwafotokozera mbiri ya matendawa? — Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, yambirani pa khadi lomwelo, ndipo aliyense aligwire ndi kuwerenga tsiku la katemera ndi chidindo chake, chifukwa wachinyamata amamvetsa msanga chimene wachigwira m'manja. Kenaka auzeni kuti katemerayo anapangidwa mu 1937 ndi Max Theiler, amene anabadwira ku Pretoria, pafupi pomwepa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1951. Kachilombo kamene anagwiritsa ntchito kanachokera m'magazi a Asibi, bambo wa ku Ghana amene anadwala mu 1927. Dzina limeneli musalidumphe, chifukwa ana athu ayenera kudziwa kuti Africa sinangodwala chabe m'nkhaniyi, inaperekanso chimene chinapulumutsa anthu.

Mukatero bwererani m'mbuyo. Matendawa anawoloka nyanja kuchokera ku Africa kupita ku America pa zombo za akapolo, udzudzu ukuswana m'migolo ya madzi akumwa. Mu 1793 anapha anthu pafupifupi 5,000 ku Philadelphia, mzinda wa ku United States, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti gwero lake ndi mpweya woipa wochokera ku zinthu zowola. Apa imani, muwafunse ana kuti akanachita chiyani akanakhala komweko osadziwa kuti wopalamula ndi udzudzu. Carlos Finlay, dokotala wa ku Cuba, anatchula udzudzu mu 1881 koma anthu sanamumvere, mpaka gulu la Walter Reed, dokotala wa asilikali a ku United States, linatsimikiza zimenezi mu 1900.

Samalani kuti asasokoneze matendawa ndi malungo. Udzudzu wake ndi wina, wotchedwa Aedes aegypti, wa mawanga oyera m'miyendo, umene umaluma masana ndi kuswana m'matayala akale ndi m'zitini. Matenda akakula amawononga chiwindi, n'chifukwa chake maso amasanduka achikasu.

Musawasiye akuganiza kuti ndi nkhani yamakedzana. Mliri umene unabuka ku Luanda, likulu la Angola, kumapeto kwa 2015 unafalikira mpaka ku Kinshasa, likulu la DR Congo, ndipo katemera atachepa mu 2016, anthu a ku Kinshasa ankalandira gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo wake. Ku Congo ndi kumene bambo a mtsikanayo amapita, ndipo South Africa imafuna khadilo kwa anthu ochokera kumayiko amene matendawa amapezeka.